Mutu Ukaima: Kuyenda, Wotchi, Gulu, Tulo Kapena ChatGPT?

Telala wapatsidwa chitenje n'kuuzidwa kuti "musoke choti anthu akacheuke ku ukwati." Wolemba sewero la pa wailesi akuyenera kupereka gawo lotsatira Lachisanu. Wophunzira wa kukoleji wakhala sabata yathunthu akuyang'ana mutu wa chaputala chachiwiri, pansi pake pali mbee. Onsewa anena mawu amodzi, akuti mutu waima, ndipo onse apatsidwa malangizo ofanana ngati kuti matenda awo ndi amodzi.

Ine ndimaona kuti kuima kwa mutu kuli mitundumitundu. Wina alibe ganizo ngakhale limodzi. Wina maganizo ali nawo, koma dzanja likuopa kuyamba chifukwa akufuna chiganizo choyamba chituluke chokoma kale. Wina anayamba bwinobwino, wafika pakati n'kukodwa pa mfundo imodzi. Njira zimene anthu amazitama zimasiyana mphamvu malinga ndi pamene mwaima, choncho tiziyerekeze ndi zimenezo m'maganizo.

Kuyenda ndi kumene ndimakuika patsogolo kwa munthu amene m'mutu mulibe kanthu. Mu 2014, Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz a ku yunivesite ya Stanford ankapatsa anthu dzina la chinthu wamba, monga batani la malaya, n'kuwauza kuti atchule ntchito zina zachilendo zimene chinthucho chingagwire. Ena ankayankha atakhala pampando, ena akuyenda. Oyendawo ankatulutsa maganizo ochuluka ndi pafupifupi 60 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale amene ankayenda pa makina ochitira masewera olimbitsa thupi m'chipinda, maso ali kukhoma lopanda chithunzi, ankapambanabe okhala pansi, ndipo mphamvuyo inkatsalirako kwa kanthawi munthu akabwerera pampando. Ndiye nkhani si kukongola kwa malo. Simukufunika kukwera phiri la Zomba kapena kupita kunyanja. Msewu wafumbi wa kuseri kwa nyumba ukukwana.

Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso malire ake. Pa mafunso amene yankho lake lolondola ndi limodzi lokha, kuyenda sikunathandize. Ngati vuto lanu ndi masamu a bajeti amene akukana kugwirizana, khalani pansi ndi cholembera.

Pali kachinthu kena kamene a ku Stanford sakanakaganizira. Kwathu kuno munthu suyenda mwakachetechete m'dera limene umadziwika. Ukangotuluka pageti, "Mwaswera bwanji achimwene?" Ukafika pa okala, "Nanga amayi aja akupeza bwanji?" Pofika pamjigo ganizo lija lathawa kale, ndipo kudutsa osapereka moni sikutheka. Amene akufuna njira imeneyi adzuke m'mamawa kapena asankhe njira imene sadziwika. Foni ikhale m'thumba, mahedifoni atsale kunyumba, koma kakope ndi pensulo musaiwale, chifukwa ganizo la panjira silidikira kuti mufike.

Wotchi imagwira ntchito yosiyana kotheratu. Njira yotchuka ndi ya Pomodoro, imene Francesco Cirillo wa ku Italy anaiyambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali wophunzira, pogwiritsa ntchito kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato. Mumagwira ntchito mphindi 25 osacheukira kwina, n'kupuma mphindi 5, ndipo mukazungulira kanayi mumapuma nthawi yotalikirapo. Wotchi sikupatsani ganizo lililonse. Chimene imachita ndi kuchepetsa mantha: simukudzilonjeza kumaliza chaputala, mukungodzilonjeza mphindi 25. Imakoma kwambiri mukaiphatikiza ndi kulemba mosaima, osafufuta, osabwerera m'mbuyo kukonza kalembedwe ka mawu. Zambiri zimene mulembe zikhala zotaya, koma pa tsamba lonse pamapezeka mizere iwiri kapena itatu yoyambirapo, ndipo kukonza zolakwika n'kosavuta kusiyana ndi kuyang'anizana ndi pepala loyera.

Kuipa kwake n'kwakuti belu limalira nthawi imene ntchito yangoyamba kutsetsereka. Likatero ndimangolizimitsa n'kupitiriza. Malamulo a Cirillo si a m'Baibulo. Komanso ngati wotchi yanu ndi foni yomwe ija muli WhatsApp, mwadzitchera nokha msampha.

Tsopano gulu. Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi njira imene mabungwe, makomiti a tchalitchi ndi magulu a zisudzo amaikonda kuposa zonse. Timati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ntchito yosenza n'zoona. Pa ntchito yopeka maganizo nkhani ndi ina. Mchitidwe wosonkhana n'kumaponya maganizo mosadzudzulana unatchuka ndi Alex Osborn, mkulu wa kampani yotsatsa malonda ya BBDO ku New York, cha m'ma 1940 ndi 1950. Koma mu 1958 ofufuza a ku yunivesite ya Yale anapeza kuti anthu oganiza payekhapayekha, maganizo awo akaphatikizidwa, amaposa a gulu la anthu ochuluka mofanana amene anakhala pamodzi. Kafukufuku wina wambiri wotsatira anapeza zomwezo. Chifukwa chimodzi n'chosavuta kumva: pagulu amalankhula munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo enanu podikira mumaiwala zanu kapena kuyamba kutsatira za mnzanuyo.

Onjezanipo ulemu wathu. Pamsonkhano abwana akayamba ndi iwo kupereka ganizo, wachiwiri amati, "Ine ndingotsindika zimene anena abwana." Wachitatu, "Zambiri anena kale akuluakulu." Mtsikana amene walembedwa ntchito mwezi watha, amene mwina ndiye ali ndi ganizo latsopano, amangogwedeza mutu n'kumalemba maminitsi. Mukatuluka mwadya mabisiketi, mwamwa zoziziritsa kukhosi, ganizo ndi limodzi lomwe lija munalowa nalo.

Mankhwala ake alipo ndipo safuna ndalama. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Bernd Rohrbach wa ku Germany anakonza njira yotchedwa 6-3-5. Anthu 6 amakhala mozungulira, aliyense ndi pepala lake, n'kulemba maganizo 3 pa mphindi 5. Kenako aliyense amapatsira pepalalo mnzake woyandikana naye, amene amawerenga n'kuwonjezera atatu ena. Pakutha pa mphindi 30 pamakhala maganizo okwana 108, palibe amene watsegula pakamwa, ndipo la mlonda ndi la abwana ali pa pepala limodzi. Ambiri mwa 108 amenewo amakhala obwerezabwereza kapena osathandiza. Apa m'pamene gulu limafunika zenizeni: posefa ndi kusankha, osati popeka.

Tulo ndi ta munthu wachitatu uja, amene wakodwa pakati. Mu 2004 ofufuza a ku Lübeck, ku Germany, anapatsa anthu ntchito ya manambala imene inali ndi njira yachidule yobisika. Amene anagona usiku asanayesenso anaitulukira mochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi amene sanagone. Mu 2021 ofufuza a ku Paris anayesa kachitidwe kamene amati Thomas Edison, katswiri wa ku America wotulukira zipangizo zatsopano, ankachita, kosinza pampando atagwira kanthu m'dzanja kuti kakagwa kamudzutse. Mwa anthu amene anangosinza pang'ono, 83 peresenti anatulukira chinsinsi cha ntchito ya manambala imene anapatsidwa, pomwe mwa amene anakhala maso ndi 30 peresenti yokha. Amene anapitirira n'kugona tulo tatikulu mwayiwo unawadutsa. Mutha kuyesa masana ndi sipuni m'dzanja ndi mbale yachitsulo pansi.

Chofunika kudziwa n'chakuti m'kafukufuku onse awiriwa anthu anali atayamba alimbana ndi vutolo asanagone. Kugona musanaligwire n'komwe ndi ulesi chabe. Ndipo tulo simungatilamule. Ngati ntchito ikufunika 4 koloko madzulo ano, pitani ku wotchi.

Za khofi ndidutsapo msanga. Kafukufuku wa mu 2020 ku yunivesite ya Arkansas anapeza kuti mamiligalamu 200 a caffeine, mankhwala ochotsa tulo opezeka mu khofi, amathandiza kupeza yankho limodzi lolondola, koma sawonjezera maganizo atsopano. Imwani pomalizitsa ntchito, ndipo musamwe madzulo ngati mukudalira tulo.

ChatGPT ndi anzake, makina a pa intaneti oyankha mafunso ngati munthu, ndi amene amayankha msanga kuposa onse, ndipo n'chifukwa chake ndimawakayikira. Mu 2024 ofufuza Anil Doshi ndi Oliver Hauser anachititsa anthu pafupifupi 300 kulemba tinkhani tatifupi, ena paokha, ena atalandira maganizo kuchokera ku makinawa. Tinkhani ta othandizidwa tinayamikiridwa kwambiri, makamaka ta amene luso lawo linali lochepa. Koma tinkhanito tinayamba kufanana. Kwa munthu amene akungofuna mawu a pa positala ya malonda a nkhuku, zimenezo zilibe vuto. Kwa wolemba nyimbo kapena sewero, amene mtengo wake uli pa kusiyana ndi ena, ndi chiopsezo. Onjezani kuti makinawa amadziwa bwino Chingelezi kuposa Chichewa, ndiye nthabwala zimene angakupatseni zimamveka zobwereka, komanso amafuna bandulo ndi foni ya moto. Ngati muwagwiritse ntchito, yambani mwalemba maganizo anuanu khumi, kenako muwapemphe kuti akufunseni mafunso kapena akuonetseni pamene nkhani yanu yafooka. Mukawafunsa musanaganize, ganizo lawo loyamba limakhazikika m'mutu ndipo kulichotsa n'kovuta.

Pali kuima kwa mutu kwina kumene njira zonsezi sizikukhudza, ndipo n'kofala kuposa momwe timavomerezera. Munthu akulemba sewero la mnyamata wa kabaza koma sanachezepo ndi wakabaza aliyense kupitirira kukambirana mtengo. Sadziwa kuti njingayo ndi yake kapena ya bwana amene amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, sadziwa zimene amakambirana pasiteji makasitomala akasowa, kapena zimene amachita tayala likaphulika ali ndi munthu kumbuyo. Ameneyo angayende mpaka nsapato kutha, angatchere wotchi kakhumi, palibe chituluke, chifukwa zopekera nkhaniyo sanazitole. Apite pasiteji, agule mandasi awiri, akhale pabenchi mpaka dzuwa lipendeke.