Ndilembe monga zinachitikira, kapena ndipeke?

Akazi anga atagonekedwa ku Gulupu, ndinkakwera minibasi kuchokera ku Ndirande m'mawa uliwonse, phala m'kontena, Baibulo kukhwapa. Tsopano ndikufuna kulemba buku lachikondi.

Ndikalemba monga zinachitikira, owerenga adzakhulupirira pemphero lililonse, ngakhale la usiku uja ndinafunsa Mulungu ngati akundimva. Koma amene anadwala ndi mayi akunyumba, si ine. Apongozi ndi akumpingo adzawerenga zimene eni ake sanafune kuulula, ndipo zimenezo zikundilemera mumtima.

Nkhani yopeka ikundimasula. Mayina ndisintha, banjalo ndilisamutsira ku Chilomoni, koma dzanja lowonda lija, litagwira langa tikuwerenga Salimo 23, likhalamo ndithu. Ndasankha kupeka, ndipo mutu uliwonse aziyamba kuwerenga ndi akazi anga.