Chida chodulira mavidiyo chomwe AI imachidziwa ndi mawu okha

Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno ku Ulongue, nthawi zina mpaka ku Tsangano. Kujambula sikundivuta. Chimene chimandidyera tulo ndi kudula, kukhala pa laputopu mpaka atambala oyamba uku mwini ukwati akuimba foni kufunsa kuti vidiyo ituluka liti.

Mphwanga amene akuphunzira ku Tete atabwera kutchuthi anandiikira kachida kena kaulere kolumikiza AI ndi FFmpeg. FFmpeg ndi pulogalamu yakale yodulira ndi kusinthira mavidiyo, anaiyamba Fabrice Bellard mu 2000, ndipo ilibe mabatani, umachita kuilembera malamulo. Kachidaka kamadzera mu MCP, njira yomwe kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024 kuti AI izitha kugwiritsa ntchito mapulogalamu ena. Iwe umangolemba zomwe ukufuna, AI nkusankha yokha chida choyenera mwa zida zingapo zomwe zili m'kachidaka.

Ndakagwiritsa ntchito masabata atatu, ndipo ndaona kuti nkhani yonse yagona pa malongosoledwe. AI siiona vidiyo yanga monga ndimaionera ine. Imawerenga dzina la chida, mawu ochepa ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zoti ilowetse. Zili ngati kutuma mwana ku msika wa Lizulu ndi kapepala: ukangolemba "mbatata", usadabwe akabwera ndi ya kholowa pamene iwe umafuna kachewere.

Chodulira ndi chomwe chinandipweteka. Malongosoledwe ake ndi mzere umodzi wonena kuti chimadula vidiyo, basi. Pansi pake pali malo awiri, "start" ndi "time". Nanga "time" ameneyu ndi pomwe vidiyo ithere, kapena kutalika kwa chidutswa? Mu FFmpeg izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, -to ndi pothera, -t ndi kutalika. Wolemba chidachi sananene kuti anasankha chiti.

Ndinali ndi vidiyo ya kwaya ya amayi a kutchalitchi kwathu. Ndinauza AI kuti idule kuyambira mphindi 12 mpaka 15, nyimbo imodzi yokha. Iyo inaika 15 pa "time", chida nkudula mphindi 15 zathunthu, mpaka pa 27. Ndinaonera poyambira pokha, ndinaona kuti zili bwino, ndinatumiza pa WhatsApp. M'mawa mwake amayi otsogolera kwaya anandiimbira: "Achimwene, bwanji mwaikamo ndi zolengeza za chopereka zomwe? Mamega anga onse athera pomwepo." Zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti ndalama ya mamega amenewo inachokera pa thumba la kachewere lomwe anagulitsa.

Pali chinanso chomwe malongosoledwewo abisa. Chidachi chimadula mwachangu chifukwa chimangokopera vidiyo osaipanganso, ndipo kudula kotereku kumagwera pa keyframe, chithunzi chathunthu chomwe chimabwera mwa apo ndi apo m'vidiyo, osati ndendende pomwe wanena. Nchifukwa chake chidutswa chimayamba msanga pang'ono, woimbitsa asanakweze dzanja. AI ikanauzidwa zimenezi, ikanandifunsa ngati ndikufuna liwiro kapena kudula kolondola.

Koma cholumikizira zidutswa, chimenecho ndachiyamikira ndi mtima wonse. Pamenepa wolembayo anakhala pansi nkufotokoza. Ananena nthawi yochigwiritsa ntchito, kuti zidutswa zonse zifanane kukula kwa chithunzi ndi kuchuluka kwa mafulemu pa sekondi, kuti chimatulutsa fayilo yatsopano ya MP4, ndiponso kuti zoyambirira sichizikhudza. Zotsatira zake ndinaziona ndi maso. Pa ukwati wina ndinasakaniza za kamera yanga, yomwe ndinaitchera pa mafulemu 25, ndi za pafoni ya mlongo wa mkwatibwi za mafulemu 30, zojambulidwa choimirira. AI inaima kaye, nkundiuza kuti sizikufanana, nkufunsa kuti isinthe ziti. AI yomweyo, tsiku lomwelo, laputopu yomweyo.

Chochepetsera fayilo chili pakatikati. Chimagwira, ndipo chafotokoza kuti chimagwiritsa ntchito H.264, njira yopanikizira vidiyo yomwe mafoni pafupifupi onse amatsegula.

Cholembera mawu pansi pa vidiyo sichinena kanthu za zilembo. Kwa ife a ku Angónia imeneyi si nkhani yaing'ono, pakuti pa khadi limodzi la ukwati pamakhala ŵ wa Chichewa ndi ç kapena ã wa Chipwitikizi. Dzina la agogo a mkwati linatuluka ndi kabokosi pakati. Ndipo chikalephera, chidachi chimangobweza mawu amodzi oti chalephera, osanena chifukwa, AI nkumangobwereza zomwezo katatu.

Anzanga ojambula, polumikiza ndi pochepetsa mafayilo katengeni, kakupulumutsani maola. Podula, lembani zonse nokha: poyambira, pothera, ndi kutalika kwa chidutswa, kenako muonere mpaka kumapeto musanatumize.

Mphwanga asanakwere chapa kubwerera ku Tete anatsegula fayilo ya malongosoledwe nkuwonjezera mizere iwiri pa chodulira, wina wonena kuti "time" ndi kutalika kwa chidutswa, wina wochenjeza za keyframe. Ndinabwereza nyimbo ya amayi ija. Inatuluka mphindi zitatu, ndipo ndinawapititsira ndekha pa memori khadi Lamlungu.