Jakisoni wa m'diso: zimene ndakumana nazo kuno kunja

Abale anga amene muli kwathu, chimvereni kuti ndimabayidwa jakisoni m'diso mwakhala mukundifunsa mafunso ambiri, ndipo ena mwa inu mwada nkhawa ngati kuti ndachita kale khungu. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe nkhani yonse kamodzi, makamaka chifukwa cha inu akuluakulu anzanga amene mwapitirira zaka 50, popeza matenda amene ndikubayidwira, otchedwa AMD, amene amawononga kumbuyo kwa diso, amakonda anthu a msinkhu wathu.

Vutoli ndinalizindikira mwangozi. Tsiku lina ndikupukuta kumaso ndinaphimba diso lamanzere ndi thaulo, ndipo ndinaona kuti felemu ya chitseko yapindika pakati ngati ndodo yoviika m'madzi. Nditachotsa thaulo lija, chitseko chinaoneka chowongoka ngati kale. Pamenepa ndi pamene pagona chinyengo cha matendawa, chifukwa diso labwino limabisa kulephera kwa linzake, mwakuti munthu akhoza kutha miyezi osadziwa kuti diso limodzi likuwonongeka. Ine ndinataya masabata awiri ndikudzinamiza kuti magalasi atha mphamvu kapena yayamba ng'ala, mpaka pamene banga lotuwa linaonekera pakati penipeni pa chilichonse chimene ndinkayang'ana. Munthu akaima patsogolo panga ndinkaona mapewa ndi tsitsi, koma mphuno ndi maso ake zinkasowa.

Dokotala wa maso anandiunika ndi makina otchedwa OCT, amene amajambula mkati mwa diso ndi kuwala kokha popanda kulikhudza, ndipo anandionetsa pa kompyuta pamene panatupa. Kumbuyo kwa diso kuli kanembanemba kolandira kuwala kotchedwa retina, ndipo pakati pake pali kachigawo ka mamilimita pafupifupi 5 kotchedwa macula. Kachigawo kameneka ndi kamene timawerengera, kulowetsera ulusi pasingano ndi kuzindikirira nkhope. Kakamawonongeka ndi ukalamba madokotala amati ndi AMD, ndipo ilipo mitundu iwiri. Mtundu wouma ndi umene uli wofala ndipo umayenda pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, pamene mtundu wonyowa, umene ndili nawo ine, umagwira anthu ochepa koma ukhoza kuwononga maso m'masabata owerengeka. Pansi pa retina pamamera timitsempha ta magazi tatsopano koma tofooka, timene timachucha madzi ndi magazi, ndipo tikalekereredwa timasiya chipsera chimene palibe mankhwala angachichotse. Izi n'zosiyana ndi ng'ala, imene imakhala kutsogolo kwa diso ndipo imatha ndi opaleshoni.

Chimene chimameretsa timitsempha timeneti ndi puloteni yotchedwa VEGF, ndipo ntchito ya jakisoni ndi kuimanga manja puloteniyo kuti timitsempha tileke kukula ndi kuchucha. Chithandizochi si chakale ayi. Mankhwala a Lucentis anavomerezedwa ku America mu 2006, a Eylea mu 2011, ndipo a Vabysmo mu 2022. Palinso Avastin, amene anapangidwira khansa koma madokotala a maso m'mayiko ambiri amawagwiritsa ntchito, ndipo kafukufuku wamkulu wotchedwa CATT, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2011, anaonetsa kuti amathandiza maso mofanana ndi Lucentis. Makolo athu amene anadwala matendawa zaka zimenezi zisanafike analibe chithandizo chotere, ndipo ambiri ankangoti ndi ukalamba.

Ndikudziwa kuti chimene mukufunitsitsa kumva ndi za singano. Usiku woti mawa lake ndikabayidwe koyamba sindinagone, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi, chifukwa ndani angamve za singano m'diso mtima wake n'kukhala m'malo? Koma zimene ndinakumana nazo zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi mantha anga. Anandigoneka chagada pampando wopendekeka, nandidonthezera mankhwala ochititsa dzanzi kangapo mpaka diso linaleka kumva kukhudza. Kenako anatsuka diso ndi zikope ndi ayodini pofuna kupha tizilombo, anandiphimba kumaso ndi kansalu koboola pakati, ndipo anaika kachitsulo kogwira zikope kuti ndisaphethire. Anandiuza kuti ndiyang'ane kumbali n'kukhazikitsa diso pamalo amodzi, motero singanoyo sindinaione n'komwe. Imalowa pa mbali yoyera ya diso, mamilimita 3.5 kapena 4 kuchokera pamene pathera mbali yakuda, ndipo mankhwala ake ndi kadontho ka 0.05 ml basi. Ndinangomva ngati wina wandikanikiza ndi chala kwa kamphindi, ndipo pamene ndinkakonzekera kupirira ululu, namwino anali akuchotsa kale kansalu kaja. Nthawi yambiri ya tsikulo imathera podikira, poyezedwa kuwerenga zilembo ndi pojambulidwa, osati pobayidwa.

Chovuta kwa ine chimabwera dzanzi likatha. Diso limanyerenyesa ngati mwalowa mchenga, misozi imatuluka yokha, ndipo zimenezi zimachitika makamaka chifukwa cha ayodini, koma pofika mawa lake zimakhala zitachepa. Nthawi zina ndimaona timadontho takuda tikuyandama, ndipo ulendo wina pamalo obayidwapo panafiira magazi moti anzanga anachita mantha, chonsecho sipankapweteka ndipo panayera pokha patapita masabata awiri. Amaletsa kutikita diso, kusambira ndi kulowetsa madzi akuda m'diso kwa masiku angapo, ndiponso sindiyendetsa galimoto tsiku limenelo. Choopsa chenicheni ndi tizilombo kulowa mkati mwa diso, zimene zimachitika pa jakisoni wosakwana mmodzi mwa 1,000 alionse. Ngati ululu ukukulirakulira m'malo mochepa, diso likufiirirabe, kapena kuona kukuzilala m'masiku otsatira, munthu sayenera kudikira tsiku limene anapatsidwa koma kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo.

Poyamba ndinabayidwa katatu, kamodzi pamwezi, ndipo nditabayidwa kachiwiri mizere inayamba kuwongoka. Pambuyo pake dokotala anayamba kutalikitsa nthawi ndi masabata awiri ulendo uliwonse umene makina aonetsa kuti diso ndi louma, ndipo odwala ena amafika masabata 12 kapena 16 asanabayidwenso. Apa ndiulule kulakwa kwanga. Nditaona kuti ndayambanso kuwerenga bwino ndinadziona ngati ndachira, ndipo ndinasuntha tsiku langa ndi mwezi wathunthu chifukwa cha ntchito. Madzi anabwerera, ndinabwezedwa pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi, ndipo ngakhale kutupa kunaphwanso, pali kabanga kakang'ono kamene sikanachoke mpaka lero. Jakisoniyu sachiritsa matendawa koma amawaletsa kupitirira, ndipo mphamvu yake imatha m'diso pakapita masabata. Mwa odwala 10 amene amabayidwa mosadumphitsa, pafupifupi 9 maso awo sapitirira kuwonongeka kwambiri, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu amayambanso kuona bwino kuposa poyamba.

Ndakhumudwa kumva kuti ena mwa inu mukuuzana kuti jakisoni ndi amene amapha maso, chifukwa mphekesera zotere zikhoza kuchititsa munthu kukana chithandizo pa nthawi yomwe chikanamupulumutsa. Chimene ndikukupemphani n'chosavuta. Kamodzi pa sabata, mutavala magalasi anu owerengera, phimbani diso limodzi ndi dzanja n'kuyang'ana chinthu chowongoka monga felemu ya zenera kapena mizere ya m'kope, kenako muchite chimodzimodzi ndi linalo. Ine anandipatsa kapepala ka timabokosi kotchedwa Amsler, kokhala ndi kadontho pakati, koma felemu ya chitseko ndi imene inandiululira vuto langa. Mzere ukapindika kapena pakati pakasowa, pitani kwa dokotala wa maso m'masiku ochepa ndipo mupemphe kuti aunike kumbuyo kwa diso, osangokusinthirani magalasi. Amene mumasuta fodya dziwani kuti fodya amawonjezera kwambiri chiopsezo cha matendawa, ndipo popeza amayendanso m'magazi a banja, azichimwene ndi azichemwali anga uthengawu ndi wanu poyamba.

Diso langa lamanzere likadali bwino, koma limajambulidwa ulendo uliwonse chifukwa amene wadwala diso limodzi amakhala pachiopsezo chodwalanso linalo. Pakali pano ndafika pa masabata 10 pakati pa jakisoni ndi mnzake, ndipo nkhani ino ndailemba ndekha ndi maso onse awiri.