Nsapato zanga za ski, patha miyezi 8 tsopano

Mu September, nditangogula nsapatozi, zovala potsetsereka pa ma ski, timatabwa tiwiri titalititali tomangirira kumapazi, ndinalemba kuti zikundipana moti ndikuganiza zokabweza kushopu. Lero tili mu May. Ndazivala pafupifupi Loweruka lililonse ku Hillend, mtsetse woyalidwa mphasa ya pulasitiki m'malo mwa chipale, m'mapiri a Pentland kummwera kwa mzinda wa Edinburgh ku Scotland, kuphatikizapo masiku 6 pa chipale chenicheni ku Glenshee, m'mapiri akutali kumpoto. Sindinazibweze, ndipo ndinachita bwino kupirira.

Kwa zaka ziwiri ndinkaphunzira ndi nsapato za hayala. Akandifunsa saizi ndinkatchula yokulirapo, paja kwathu tinakula tikugulidwira nsapato zokhala ndi malo oti phazi likulire momwemo. Za ski sizifuna zimenezo. Amaziyeza ndi Mondopoint, kutanthauza utali wa phazi m'masentimita, ndipo ine amene ndinkavala 28.5 ndinapezeka kuti ndine wa 26.5. Bambo amene anandiyeza anatulutsa liner, chofewa chamkati chija, nandiuza kuti ndiponde m'chigoba cholimba chakunja chokhachokha, zala zigunde kutsogolo. Kenako analowetsa zala zawo ziwiri kuseri kwa chidendene changa, nanena kuti malo okwanira ndi omwewo basi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nsapato yaikulu ndiyo inkandiphunzitsa kaimidwe kolakwika. Aphunzitsi anga ankabwereza mawu amodzimodzi sabata ndi sabata: msongolo utsamire lilime la nsapato, manja akhale kutsogolo. Ndinkayesetsa ndithu. Koma ndikangotsamira kutsogolo chidendene chinkanyamuka, phazi n'kumasambira mkatimo, ine n'kupinda zala ngati nkhuku yogwira mtanda kuti ndisaterereke. Thupi likachita mantha chonchi limathawira kumbuyo lokha. Ukakhalira kumbuyo, nsonga za ma ski zimapepuka, sizimvanso zimene mwendo ukunena, ndipo ntchafu zimawotcha usanafike n'pakati pa mtsetse pomwe. Ndinkabwerera kunyumba chikhadabo cha chala chachikulu chitada, ndikumati nsapato yandichepera, chonsecho phazi linkangothamangira kutsogolo n'kumakagunda chigoba. N'chifukwa chake ndinakhalitsa pa snowplough, katsetserekedwe ka ongoyamba kumene, nsonga za ma ski zitayandikana, kumbuyo kutatanuka.

Tsiku limene zinasintha ndikulikumbuka bwino. Anali madzulo ena mu December, magetsi atayaka, mphasa ya pulasitiki ija itanyowa, mzinda wonse ukuthwanima kumunsi. Aphunzitsi anandiuza kuti pokhota paliponse ndizinyamula pang'ono kumbuyo kwa ski yamkati, ya mbali imene ndikukhotera, nsonga yake ikhalebe pansi. Zimenezi sizitheka ngati wakhalira kumbuyo kapena ngati kulemera kwako sikuli pa ski yakunja. Kale ndinkalephera. Usiku umenewo ndinatsamira lilime, chidendene chinakhala phee pamalo pake, ndipo ndinamva kunsi kwa chala chachikulu kukuponda, mpeni wa ski, chitsulo chakuthwa cham'mbali mwake, n'kuluma mphasa nthawi yomweyo. Ski yamkati inapepuka, n'kubwera yokha pambali pa inzake. Ndinakhota kanayi motsatizana ma ski ali pambalipambali, akuloza kumodzi. Nditafika pansi mtima unali phaphapha ndi chimwemwe, aphunzitsi akungogwedeza mutu.

Ku Glenshee mu February ndi kumene ndinazikhulupirira kotheratu. M'mawa mbali ya Sunnyside kunali kouma gwa, ma ski akulira ngati ukunola chikwanje, koma ndikapendeketsa akakolo ndi mawondo kuloza kuphiri, mipeni inkagwira.

Zovuta zilipo, ndipo sindibisa. Liner imaphwa. Patatha masiku ngati 20 ndikuivala, chidendene chakumanzere chinayambanso kusewera, mpaka ndinabwerera kushopu kukamatitsa tizidutswa tofewa m'mbali mwa kakolo. Phazi lakumanja linkachita dzanzi pafupi ndi chala chaching'ono. Anatenthetsa chigoba n'kuchitukumula pamalo amenewo, vuto n'kutha. Amene mukugula, sankhani shopu yoti mutha kubwererako, chifukwa kuyeza kwa tsiku loyamba si komaliza.

Za kuzizira ndinalakwitsa ndekha. Tsiku loyamba ku Glenshee ndinavala masokosi awiri okhuthala, zala n'kuuma ngati miyala, chifukwa magazi sankayenda. Sokosi imodzi yopyapyala yofika m'bondo ndiyo yabwino, ndipo pokwera lift, makina okweza anthu pamwamba pa mtsetse, ndimamasula chomangira cha pamwamba pa phazi. Zomangira ziwiri zam'munsi sizifuna mphamvu, zogwira ntchito ndi zapamsongolo ndi lamba wapamwamba uja.

Nsapato zanga zalembedwa flex 90, nambala yosonyeza kulimba kwake ukatsamira kutsogolo. Nambala imeneyi musaidalire kwambiri, popeza 90 ya kampani ina si yofanana ndi 90 ya inzake. Komanso pulasitiki imalimba kukazizira: nsapato yomwe imapindika mosavuta ku Hillend madzulo ofunda, kuphiri imakhala ngati ina. Kwa ine 90 yakwana, ndimatha kupinda kakolo popanda kulimbana nayo. Kunsi kwa nsapato kwadyeka pang'ono ndi miyala ya poimika galimoto, choncho pano ndimavalira pafupi ndi mtsetse. Ndikabwereka ma ski ndimaonetsa obwereketsawo nambala ya utali wa nsapato m'mamilimita yolembedwa pambali pa chidendene, kuti binding, chogwirira nsapato pa ski, aikonze molingana ndi nsapato yangayi.

Aphunzitsi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Wophunzira akamangokhalira kumbuyo mwezi wathunthu, musafulumire kunena kuti ndi mantha. Gwadani, mugwire nsapato yake, mumuuze atsamire kutsogolo, mumufunse ngati chidendene chikunyamuka. Mnzanga wina wa m'gulu lathu tinamupeza ndi vuto lomwelo mu March, ndipo atangotsitsa saizi imodzi pa nsapato za hayala zomwezo, Loweruka lomwelo anayamba kuponda ski yakunja.

Ma liner ndimawatulutsa ndikangofika kunyumba kuti aume okha, kutali ndi hita, kenako ndimamanga zomangira mopepuka kuti chigoba chisatanuke. Nsapatozi sindizisunga m'kabati chilimwe chino. Ku Hillend mphasa sisungunuka, ndipo kukhotera kumanzere kukadandivutabe.