Bokosi lachikasu la LEGO Classic, patatha chaka ana anga akuliseweretsa

Chaka chatha, Khirisimasi ili pafupi, ndinagulira ana anga bokosi la LEGO Classic nambala 10698, lija lalikulu lachikasu lokhala ndi tinjerwa 790 tapulasitiki timene ana amalumikiza pomanga zidole. Chaka chakwana tsopano akuliseweretsa, ndipo poti nyengo ya mphatso yafikanso, ndati ndilembe zimene ndaona kuti makolo anzanga amene akuwerengetsera ndalama asanagule apeze poyambira. Ndili ndi ana atatu: mnyamata wa zaka 9, mlongo wake wa zaka 6, ndi mzime amene wangokwanitsa zaka 2.

Bokosili silinali loyamba kugula. Chaka chinacho ndinathamangira lina lotchipa kwambiri, la kampani imene sinditchula dzina. Chithunzi cha pakatoni chinali chokopa, galimoto yozimitsa moto yofiira ndi makwerero ake, ndipo mumtima ndinati ndapulumutsa ndalama. Titatsegula, tinjerwa tina tinali tothina moti mwana ankachita kuluma ndi mano kuti atilekanitse, tina tokhwefuka moti akanyamula galimoto, denga linkatsala m'manja, zina zonse n'kugwa pansi. Kabuku ka malangizo kanali kosindikizidwa mozilala, chakuda ndi chotuwa osasiyanitsika. Tizidutswa tiwiri munalibemo. Mnyamata wanga anayesa katatu, kenako anandiyang'ana misozi ili lengelenge n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi ine ndikulakwitsa pati?" Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalama zimene zinapita, chifukwa mwana anayamba kudzikayikira pomwe vuto silinali lake. Pofika mu Januwale, galimoto ija inali m'kajumbo kunsi kwa bedi ndipo palibe anaifunsanso.

Sindikunena kuti tinjerwa tonse tosakhala ta LEGO ndi toipa, ayi. Umwini wa kapangidwe ka kanjerwa unatha kalekale, ndipo mu 2005 khothi lalikulu la ku Canada linagamula mokomera kampani yopanga tinjerwa ta Mega Bloks kuti maonekedwe a kanjerwa sangakhale chizindikiro cha malonda cha kampani imodzi. Khothi la European Union linanenanso chimodzimodzi mu 2010. Choncho alipo makampani ena amene amapanga tinjerwa tolumikizana ndi ta LEGO movomerezeka, ndipo ena amapanga tabwino ndithu. Vuto ndi loti pakatoni sungadziwe. Mukafuna kuyesa ta kampani yachilendo, yambani ndi kabokosi kakang'ono, muone ngati tikugwirana bwino, musanaike ndalama zonse za mphatso pamenepo.

Chimene ndinachita mosiyana chaka chatha ndi kuwerengera. Bokosi lililonse limalembedwa kuchuluka kwa tizidutswa take. Ndinkatenga mtengo n'kuugawa ndi nambala imeneyo pa foni, kuti ndione kanjerwa kamodzi kakundidyera zingati. Apa ndi pamene maso anatseguka. Mnyamata wanga ankalira mabokosi a m'mafilimu, poti LEGO inayamba kupanga za Star Wars mu 1999 ndi za Harry Potter mu 2001. Koma pa onse amene ndinafananitsa, kanjerwa ka m'mabokosi amenewo kankatuluka kodula kuposa ka mu Classic, ndipo n'zomveka, chifukwa kampani imalipira eni ake a filimu kuti igwiritse ntchito mayina ndi nkhope zawo. Ndalama imeneyo imachokera m'thumba la wogula. Ndinali nditaonanso kwa msuweni wawo momwe zimathera: mwana amamanga chombo chake madzulo amodzi, n'kuchiika pashelefu, ndipo kuyambira pamenepo wina asachikhudze. Pa mwana wokonda kusunga zinthu zake palibe cholakwika, koma ine ndinkafuna chinthu choti ana awiri aziphwasula ndi kumanganso tsiku ndi tsiku.

Kuwerengera kumeneku kuli ndi malire ake. Bokosi likhoza kukhala ndi tizidutswa tambiri koma tambiri mwa ito tili tating'ono ngati mabatani a malaya. Ndiye muziyang'ananso kulemera kwa bokosi ndi chithunzi cha zam'kati, osangodalira nambala yokha.

Za nthawi yogulira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayamba kuyang'ana mitengo mu Okutobala, n'kumajambula pa foni mtengo wa bokosi lomwelo kwa ogulitsa atatu. Zinandithandiza, chifukwa wogulitsa wina anakweza mtengo kumayambiriro kwa Novembala, kenako pa Black Friday, tsiku limene masitolo amatsitsa mitengo kumapeto kwa mweziwo, n'kulemba ndi zilembo zofiira kuti watsitsa, pomwe anangobwerera pamene unali kale. Ndikanapanda zithunzi zija ndikanakhulupirira. Ndinagula kwa wina amene anatsitsadi, nditaphatikiza ndi ndalama yotumizira, poti ena amatchipitsa katundu n'kukubwezera pa mtengo wotumizira. Ubwino wa bokosi ili ndi woti lakhala likugulitsidwa kuyambira 2015, ndiye palibe chothamangira. Mabokosi ambiri a m'mafilimu amasiya kupangidwa pakapita nthawi, ndipo otsala m'manja mwa ogulitsa amayamba kukwera mtengo, zimene zimachititsa kholo kugula mwaphuma.

Tsiku lotsegula ndikulikumbukira bwino. Bokosilo palokha ndi lapulasitiki, lopangidwa ngati chinjerwa chachikulu, ndipo ndi momwemo mosungiramo. M'kati munali tinjerwa ta mitundu 33, zitseko ndi mazenera a mitundu ingapo, timbale tiwiri tobiriwira tomangirapo, matayala 6 ndi kabuku kosonyeza zinthu zochepa zoyambira. Mtsikana wanga anayamba ndi kupatula mitundu, tofiira patokha, tabuluu patokha, mpaka tebulo lonse linadzaza timilu. Mlongo wake sanadikire zimenezo, anangotola tiwiri n'kutikanikiza pamodzi. Kunamveka kaphokoso kakuti "tha!", anagwedeza, sitinalekane. Anatikoka, tinalekana popanda mano. Anandiyang'ana osanena kanthu, koma nkhope yake inanena zonse.

Kugwirana kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Mukatembenuza kanjerwa muona timachubu kunsi kwake. Timitu ta pamwamba pa kanjerwa kena timapanikizika pakati pa timachubuto ndi m'mbali, ndiye tinjerwa timagwirana osathina mopitirira. Kampaniyi, imene Ole Kirk Christiansen anaiyambitsa ku Billund m'dziko la Denmark mu 1932, inalembetsa kapangidwe kameneka mu 1958, ndipo kuyambira 1963 imagwiritsa ntchito pulasitiki yolimba yotchedwa ABS. Muyeso wake sunasinthe, moti kanjerwa ka mu 1958 kamalowana ndi kamene mungagule lero. Kwa kholo lofuna kusunga ndalama, iyi ndiye nkhani yaikulu, chifukwa zikutanthauza kuti tinjerwa togwirapo kale ntchito ndi tabwino ngati tatsopano.

Mudziwiretu zinthu ziwiri musanagule. M'bokosili mulibe tizidole ta anthu timene timapezeka m'mabokosi ena a LEGO. Mtsikana wanga atamaliza nyumba yake yoyamba anafunsa kuti, "Nanga anthu okhalamo ali kuti, amayi?" Chachiwiri, matayala 6 ndi galimoto imodzi ndi kotsalira, ndiye ngati muli ndi ana awiri okonda magalimoto, konzekerani kuweruza milandu. Zimenezi ndi zimene zinandipititsa ku tinjerwa takale.

Mu Januwale ndinapeza banja lina limene ana awo anakula, likugulitsa thumba la tinjerwa tosakanikirana poyeza pasikelo. Ndinatenga makilogalamu awiri, ndipo ndalama yake sinafike pa imene ndinalipira bokosi latsopano. Ndisanapereke ndalama ndinapempha kuti nditapeko dzanja limodzi ndione. Kanjerwa ka LEGO kenikeni kamakhala ndi dzina lakuti LEGO lolembedwa pa kamutu kalikonse, tizilembo tating'ono koma toonekera ukapendeketsa poyera. Ndinkayang'ana ming'alu, malo olumidwa ndi mano, ndi toyera timene tasanduka tachikasu chifukwa chokhalitsa padzuwa. Ndinanunkhizanso, poti fungo la utsi wa fodya limavuta kuchoka pa pulasitiki. M'thumbamo munali ta makampani ena tochepa, ndipo titafika kunyumba tinatipatula.

Kutsuka ndi ntchito, ndisakunamizeni. A LEGO eni ake amalangiza kutsuka pamanja ndi sopo wofatsa m'madzi osatentha kupitirira madigiri 40, osaika m'makina ochapira kapena otsukira mbale, ndipo osaumitsa ndi chotenthetsa. Ndinatinyika m'beseni, n'kumatikhutula pang'onopang'ono m'sefa potsukuluza kuti tating'ono tisapite ndi madzi. Tokhala ndi zomata ndinangotipukuta ndi kansalu. Ndinatiyala pa mathaulo awiri pamthunzi, ndipo tinatenga masiku awiri kuti tiume, chifukwa madzi amabisala m'timachubu tija. Ana ankazungulira mathaulowo ngati akudikira alendo.

Koma zimene zinatuluka m'thumba limenelo! Tianthu tisanu ndi tiwiri, wina wopanda chipewa, wina miyendo yosiyana mtundu ndi thupi, matayala oposa makumi awiri a misinkhu yosiyanasiyana, mapiko a ndege, ndi kachipangizo kaolenji kolekanitsira tinjerwa tomamatirana. Kachipangizo kameneka musakaderere, ndi kamene kamapulumutsa mano ndi zikhadabo za ana. Palibe mwana anafunsa ngati tinjerwato tinali tatsopano kapena takale. Tinangokhutulira pamodzi ndi ta m'bokosi lachikasu, ndipo lero ngakhale ine sindingathe kusiyanitsa.

Thumba lakale limabwera lopanda mabuku a malangizo, koma pamenepo musawononge ndalama. Pa webusaiti ya LEGO mukalemba nambala ya bokosi mumapeza malangizo ake kwaulere. Ilipo ina yotchedwa Rebrickable imene imakusonyezani zinthu zina zimene mungamange ndi tinjerwa timene muli nato kale. Mukasowa kachidutswa kamodzi kokha, BrickLink ndi msika wa pa intaneti wogulitsirana tizidutswa pakamodzikamodzi. Unayamba mu 2000 ndipo a LEGO anaugula mu 2019. Ndinagulako kamodzi, ndipo phunziro langa ndi loti muzisonkhanitsa zosowa zonse n'kuitanitsa kwa wogulitsa mmodzi, chifukwa ndalama yotumizira ikhoza kuposa mtengo wa kachidutswako.

Patatha chaka, palibe kanjerwa ka m'bokosi latsopano kamene kasweka kapena kukhwefuka. Tina tatayika, makamaka tozungulira tating'ono tija timene timalowa m'mphepete mwa mipando, koma masewera sanaime. Kuseweretsa kwake n'kumene kwandikhutiritsa. Zidole zina za Khirisimasi yomweyo zinaiwalika mwezi usanathe, koma bokosi ili limatsika pashelefu pafupifupi tsiku lililonse. Nyumba ya dzulo lero ndi chipatala, mawa ndi sitima. Katswiri wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, anawerengera kuti tinjerwa 6 tokha ta timitu 8, ta mtundu umodzi, tingalumikizidwe m'njira zoposa 915 miliyoni. Nditamuuza mnyamata wanga, anatenga tinjerwa 6 n'kuyamba kuyesa, akulemba m'kope njira iliyonse yatsopano. Anafika pa makumi anayi ndi mphambu tulo tisanamugwire. Ngati n'kupereka nyenyezi, bokosili ndikulipatsa zisanu, ndipo ndalama imene ndinalipira sindikuidandaula.

Nkhani ya mzime ndiyo ndikufuna muimvetsetse, inu amene muli ndi makanda m'nyumba. Bokosili linalembedwa kuti ndi la ana oyambira zaka 4, ndipo tizidutswa tating'ono ndi toopsa kwa mwana wosakwana zaka 3 chifukwa akhoza kutsamwa nato. Tsiku lina ndinaona kamwana kanga kakufumbata dzanja mwamphamvu kakulowera kuseri kwa chitseko. Nditakatambasula zala, munali kachidutswa kofiira kozungulira, kali konyowa ndi malovu. Mtima unandigunda mpaka madzulo. Kuyambira tsiku limenelo, akuluakulu awiriwa amamangira patebulo kapena pansalu yoyala, ndipo akamaliza timanyamula nsaluyo m'makona n'kukhutulira m'bokosi, kenako wina amakwawa kuyang'ana kunsi kwa mipando. Palibe kusunga ndalama kumene kungandichititse kupatsa khanda tinjerwa ta akulu ake poti tilipo kale m'nyumba. Kwa ana aang'ono kuli Duplo, imene LEGO inayamba kupanga mu 1969. Kanjerwa kake ndi kakakulu kuwirikiza kawiri m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, ndipo kamalowana ndi tinjerwa tokulirapo ta LEGO wamba, ndiye mwana akakula simutaya.

Chaka chino sindikugula bokosi lalikulu. Ndapeza kale thumba la Duplo logwirapo kale ntchito, ndalitsuka, ndipo lili pamwamba pa kabati kudikira mzime. Akulu ake ndawafunsa chimene akusowa. Mnyamata akuti mbale yaikulu yomangirapo, poti timbale tiwiri tija tachepa pa mzinda umene akufuna kumanga. Mtsikana anaganiza kaye, akuzunguliza kamunthu kopanda chipewa kaja m'zala zake, kenako anati, "Amayi, mungondigulira tsitsi la ameneyu, akuzizidwa m'mutu." Ndalemba kale pa mndandanda wa zoitanitsa, pansi pa mbale ya mlongo wake.