Kachida koyezera CD4 ka VISITECT: nkothandiza, koma kamafuna diso ndi wotchi

M'zipatala zazing'ono za kuno ku Mangochi, komwe magetsi amathimathima ndipo labu ili kutali, kachidaka nkofunika kukhala nako. Sikapereka nambala yeniyeni ya CD4, maselo oteteza thupi amene kachilombo ka HIV kamaononga. Kamangosonyeza ngati maselo oteteza thupi atsika pansi pa 200 kapena ayi, ndipo funso lake ndi lomwelo pamene wodwala wabwera atafooka kapena atasiya ma ARV miyezi ingapo ali ku usodzi.

Magazi a pachala okwana 30 µl amathiridwa m'kabowo A. Pakatha mphindi 3 mudonthezamo dontho limodzi la buffer (madzi apadera obwera ndi kachidaka), pakatha zina 17 madontho atatu m'kabowo B, kenako mudikira mphindi 20. Zonse ndi mphindi 40. Pakachidaka pamaoneka mzere wa wodwala ndi mzere wa 200 woyerekezera. Wa wodwala ukaoneka wofuwa kuposa wa 200, chitetezo chatsika, ndipo tsiku lomwelo ayezedwe mkodzo wa TB-LAM (kufufuza TB) ndi magazi a CrAg (kufufuza cryptococcus, kafangasi koyambitsa matenda oumitsa khosi), Bactrim asamusowe.

Povuta ndi pa kuwerenga. Mizere iwiri ija ikayandikana mtundu, anthu awiri angawerenge mosiyana, makamaka m'chipinda chamdima, ndipo kachidaka kamakonda kuika pansi pa 200 ena amene ali pamwamba pang'ono. Ife tikuona kuti kulakwitsa kotere nkopepukirapo kusiyana ndi kubweza kunyumba munthu amene ali ndi cryptococcus m'magazi, ngakhale kumadya zoyezera zina. Wogwira ntchito yekhayekha pamzere wautali amaphonyanso mphindi zija. Ndipo bokosi limafuna kutentha kosapitirira 30°C, pamene mu Okutobala chipinda cha malata ku Makanjira kapena ku Monkey Bay chimapyola pamenepo.

Chinanso chimene ambiri saganizira: kachilombo ka HIV kamasiya maselo a chitetezo ali chigwirire ntchito osapuma, glutathione, mankhwala achilengedwe a m'thupi owateteza, amachepa, ndiye thupi likapanikizika ndi malungo, TB kapena chibayo, maselowo amafa msanga ndipo CD4 imatsika kwakanthawi. Munthu woyezedwa ali ndi malungo angaoneke woipirapo kuposa mmene alili. Musamuchedwetsere chithandizo chifukwa cha zimenezo. Muchizeni malungowo, ndipo ngati amasamba kapena kuwedza m'nyanja mufunseni za likodzo. Kuti mudziwe ngati ma ARV akugwira, kachidaka sikangakuuzeni, pamafunika viral load, kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi.