Makina a espresso a mlamu wanga ndi kampoto ka moka

Mlamu wanga anabwera nawo kuchokera ku Joni, makina opangira khofi wamphamvu wotchedwa espresso, ogulidwa kwa munthu, ndipo ndakhala nawo miyezi 8. Khofi amene ndimagula ndi wa ku Mzuzu, arabica wa m'mapiri a Misuku, ndiye ndinkati basi, tsopano ndimumva kukoma kwake kwenikweni.

Tsiku loyamba ndinathiramo ufa wa khofi wa m'paketi. Madzi anangodutsa ngati m'sefa, kapu yodzadza m'masekondi 10, khofi wake wowawasa ngati bwemba. Makina amenewa amakankha madzi mwamphamvu, pafupifupi ma bar 9, choncho amafuna ufa wosalala kwambiri, wogayidwa nthawi yomweyo. Ndinagula kachigayo kopukusa pamanja, kenaka kasikelo. Muyeso wake ndi magalamu 18 a ufa kuti mutuluke magalamu 36 a khofi m'masekondi 25 mpaka 30. Ufa ukakhala wokhakhala pang'ono, khofi amawawasa. Ukasalala mopitirira, amangodontha, n'kuwawa ngati mankhwala a malungo. Ukatsendera mokhota, madzi amaboola mbali imodzi. Paketi yoyamba theka lake linathera kuyesa, mayi a kunyumba akungondiyang'ana.

Koma zikayenda, abale, zimayenda. Kathovu kofiirira pamwamba, fungo ladzaza nyumba yonse, ndipo ukafufumitsa mkaka ndi nthunzi yake umaiwala kuti uli pakhomo pako. Zimenezi zimandichitikira kawirikawiri Loweruka, pamene palibe wondithamangitsa. M'kati mwa sabata ayi. Kudikira makina atenthe, kugaya, kuyeza, kutsuka kasefa, kupukuta kapaipi ka mkaka kasanaume, mphindi 20 zatha ndisanavale nsapato. Magetsi akathima ndiye makinawo amangokhala chokongoletsa pa shelefu.

Kampoto ka moka, kophikira khofi pamoto, ndinali nako kale, ka kampani ya Bialetti, kaja ka aluminiyamu ka ngodya 8 komwe kanayamba ku Italy mu 1933. Pansi madzi osapitirira kavavu, pakati ufa osatsendera, kumanga bwino, pamoto. Kakayamba kukhosomola mumachotsapo msanga, apo ayi khofi amanunkha chopserera. Kamagwira pa gasi, kamagwiranso pa mbaula, bola makala asakhale olilima kwambiri chifukwa chogwirira chake chimasungunuka. Changa chili ndi chipsera. Khofi wake si espresso, thovu lija mulibe, koma ndi wamphamvu ndipo ndi mkaka amakoma tsiku lililonse mofanana. Kutsuka ndi madzi okha.

Mnzanga wa kuntchito anandifunsa ngati agule makina. Ndinamuuza kuti ayambe waona mtengo wa chigayo chabwino, poti popanda chimenecho ndalama zake zilowa m'madzi. Anga ndawasiya pomwepo, ndimawayatsa Loweruka ndi pamene mlamu wabwera kudzacheza.